Mulu umene ndinagulitsa kwa mwana wa Che Twaibu

Ana anga, mukamadzawerenga izi mudziwe chinthu chimodzi: kuchokera pa Zalewa mpaka ku boma la Neno, munthu wondiposa kunenerera sanabadwe. Ndinagulitsapo mbuzi yopanda mano kwa mwini butchala, iye n'kundithokoza. Ndinagulapo tayala la njinga kwa Che Twaibu a pa Lisungwi, munthu amene sankatsitsira mtengo ngakhale mlamu wake, koma tsiku limenelo anatsitsa. Njira yanga inali yosavuta. Pogulitsa, yamba ndi mtengo woti wogula aseke. Pofuna chinthu, funsa zambiri zimene sukuzifuna, ndipo chimene ukuchifunadicho uchibise pakati, uchitchule ngati mwangozi. Njira imeneyi inandidyetsa, inakuphunzitsani sukulu, ndipo ndinalowa nayo mu ofesi. Za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, amazikometsa bwino kuposa ine.

Lisungwi, 2008

Ntchito yolembedwa ndinaiyamba imvi zitayamba kale kusuzumira. Bungwe lina lothandiza za umoyo linkaika makompyuta m'zipatala za m'boma lathu, ndipo mkulu wa gawo limenelo, a Kamwendo, anandipeza pamsika ndikulimbana ndi wogulitsa mabatire. Anali munthu wamtali, wosalankhula pafupipafupi. Anaima pambali mpaka wogulitsayo atagonja, kenako anandifunsa ngati ndimadziwa kompyuta. Ndinati ndimaidziwa bwino. Anafunsa kumene ndinaiphunzirira. Ndinati ku banki, ndinaiona ili kuseri kwa galasi. Sanaseke pomwepo. Anangoti akufuna munthu wowagulira zinthu za mu ofesi, ndibwere Lolemba, koma ndisadzawanenerere iwowo.

Ndinayamba ndi kugula mapepala, mawaya ndi mafuta a njinga zamoto. Kalaliki wina atasiya ntchito anandikhazika pa kompyuta kuti ndizilowetsa mayina a amayi ndi ana a kusikelo. Ndinkatayipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga. A Kamwendo sankapsa mtima. Ndikalakwitsa ankangoima kumbuyo kwanga n'kutsokomola, ndipo ndinafika podziwa kukula kwa cholakwa pomvera kutsokomolako.

Chifunga, 2011

Ananditumiza ku Chifunga nthawi imene mafuta ankasowa m'dziko muno. Jenereta inangokhala chokongoletsa. Tinkadalira sola, ndipo kukachita mitambo tinkasankha: lero tiyatse kompyuta kapena tisiyire magetsi firiji ya katemera. Firiji inkapambana nthawi zonse. Netiweki inkapezeka pachulu china kuseri kwa chipatala, moti anthu odutsa ankaganiza kuti bambo woima pachulu atanyamula laputopu m'mwamba akupemphera.

Masiku opanda magetsiwo ndi amene ndinaphunzira kulemba mapulogalamu, papepala, ndi pensulo. A Kamwendo ankabwera kamodzikamodzi kudzachonga ngati aphunzitsi a pulayimale. Mtundu wa malembedwe umene bungwe lathu linasankha unali wa mafankishoni okhaokha, ndipo anandifotokozera ndi chigayo. Fankishoni ndi chigayo, anatero. Umathira chimanga, umalandira ufa. Ukathiranso chimanga chomwecho mawa, ufa wake ndi womwewo. Chigayo chabwino sichigwira thumba la mnzako limene lili pamzere, ndipo sichisunga zotsala zoti chikathire mu ufa wa wina. Pulogalamu yonse ndi zigayo zing'onozing'ono zolumikizana, china kulandira zimene chinzake chatulutsa. Ndinawauza kuti chigayo chotere sindinachionepo ku Neno kuno. Anati n'chifukwa chake timachilemba tokha.

Ku boma, 2015

A Kamwendo atapuma, m'malo mwawo munabwera mayi wachitsikana wochokera kuyunivesite, wovala mpango wobiriwira kumutu. Atangolowa mu ofesi anandiyang'ana n'kunena kuti, “Amalume a Jailosi, tayala lija likadalipo?” Anali Asiyatu, mwana wa Che Twaibu. Anakulira kuseri kwa kauntala ya bambo ake, akumva bodza lililonse limene ndinanenapo m'sitolo muja. Ine ndinayamba kumutchula kuti abwana, iye sanasiye kunditchula kuti amalume, ndipo tinkagwira ntchito choncho.

Pa nthawiyi tinali ndi laibulale yathu. Musaganize za mabuku. Inali nkhokwe ya timafankishoni timene mapulogalamu onse a m'zipatala ankabwerekamo, kuti munthu asamalembe kawiri chinthu chimene mnzake analemba kale. Asiyatu ndiye anali wosunga nkhokweyo, ndipo sindinaonepo munthu wouma dzanja chotero. Anali ndi malamulo awiri. Fankishoni iliyonse yolowamo ibwere ndi mayeso otsimikiza kuti imachitadi zimene ikunena, komanso ndi mawu ofotokoza kagwiritsidwe kake. Lachiwiri, woibweretsa ndiye mwini wake: ikadwala, foni ilira kwa iye. Katswiri wina wochokera kunja anabwera ndi mafankishoni ake okongola ngati nsapato za ukwati. Asiyatu anamupatsa tiyi, anamufunsa mafunso mwaulemu masana onse, ndipo munthuyo anakwera galimoto atanyamula katundu wake yense. Ndinkamuonerera ngati mmene munthu amaonerera wosewera bawo wodziwa. Sankakweza mawu. Ankangofunsa kuti, “Akuifuna ndani?” ndipo funso limeneli linkapha zinthu zambiri.

Matandani, 2017

Nkhani yeniyeni inayambira kwa namwino wina, mayi Nabanda, amene ankayendetsa sikelo ya ana m'midzi ya cha ku Matandani. Ndinapita kukakonza kompyuta yawo, iwo n'kundikhazika pabenchi ngati wodwala.

“A Jailosi, makina anuwa amasudzula anthu,” anatero.

Ndinafunsa kuti asudzula ndani.

“Mayi ndi mwana wake. Mayi akasamuka, tinene kuti wapita kukakhala kwa amuna ake ku Chifunga, makina amamusamutsa bwinobwino. Koma mwana amatsala kuno. Mlangizi wa zaumoyo wa kuno amakwera phiri kukafuna mwana woti abayidwe katemera, akapeza nyumba yotseka. Wa ku Chifunga sadziwa n'komwe kuti kwabwera mwana. Kodi khanda la miyezi itatu lingatsale lokha pamudzi? Inuyo munatsalapo?”

Nditabwerera ku ofesi ndinafufuza. M'chinenero cha kompyuta chimene tinkalembera mapulogalamu, zinthu ziwiri zoyendera limodzi zimamangidwa m'kaphukusi kamodzi, china kumanzere, china kumanja. Kaphukusi kathu kotchuka kanali ka mayi ndi mwana. Aliyense wa ife akafuna kusintha mudzi wawo ankalemba pamanja: masula kaphukusi, sintha mayi, sintha mwana, manganso. Zimenezi zinalembedwa malo ambirimbiri ndi anthu osiyanasiyana, ndipo m'malo ena munthu ankasintha mayi n'kumanga kaphukusi mwana ali momwemo. Kukonza malo amenewo kunali kotheka, koma mawa wina akanaiwalanso. Mankhwala ake anali kafankishoni ka mizere iwiri: ukapatse chigayo chimodzi ndi kaphukusi, iko kadutsitse zonse ziwiri m'chigayomo n'kukubwezera kaphukusi katsopano. Munthu sangaiwale mwana chifukwa samasulanso ndi manja ake. Ndinakatcha onseAwiri.

Nthawi inali yochepa. Pulogalamu yatsopano inkapita m'zipatala pa fulashi, pa njinga yamoto, ndipo ulendo womaliza unkayenera kuchitika mvula isanayambe. Mvula ikagwa, misewu ya kumapiri imasanduka phala, ndipo chimene chatsala chimadikira mpaka chimanga chitacha. Ana a mayi Nabanda akanakhala osudzulidwa dzinja lonse.

Munthu wanzeru akanangonyamula kafankishoni kake n'kukagogoda. Koma ine ndinali nditaona katswiri uja akubwerera ndi katundu wake, ndipo ndinadziuza kuti uyu ndi mwana wa Che Twaibu, ukamupatsa chimodzi akana chimodzicho, ukamupatsa mulu akana zambiri koma asiyapo kenakake kuti asaoneke woipa mtima. Choncho ndinaumba mulu. Ndinalemba fankishoni yotembenuza kaphukusi, kumanzere kupite kumanja. Ina yogwira kumanzere kokha, ina kumanja kokha. Ina ya maphukusi a m'kati mwa maphukusi, imene ngakhale ine sindinkadziwa kuti ingathandize ndani. Pofuna kudzazitsa ndinaonjezera ya zinthu zitatu, ngati mayi ndi ana awiri, n'kuitcha ya mapasa, ndikuseka ndekha. Onse pamodzi, ndi ena ang'onoang'ono, anakwana asanu ndi anayi. OnseAwiri ndinamuika pachitatu, pamalo pamene maso a wogula amadutsa mofulumira, ndipo ndinatumiza zonse ngati pempho limodzi.

Asiyatu anandiitana m'mawa mwake. Anawerenga mulu wonse ine nditakhala pampando, ndikukonzekera nkhope yodandaula imene ndinkaigwiritsa ntchito pamsika.

“Amalume, onsewa mukuwafuna?”

“Onse, abwana. Ndipo ndachotsako kale ena chifukwa ndinu mwana wa mnzanga.”

“Palibe ndi imodzi yomwe yoti ingatsale?”

“Mukachotsapo imodzi mwandipha.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Chabwino. Ndatenga onse.”

Ana anga, wogulitsa aliyense amadziwa kuti wogula akavomera mtengo woyamba, wina wapusa, ndipo kawirikawiri si wogulayo. Ndinayesa kunena kuti mwina ya mapasa ingadikire. Iye anati ayi, sakufuna kundipha. Kenako anandikumbutsa malamulo ake mokoma mtima: mayeso pa iliyonse, mawu ofotokoza pa iliyonse, ndi dzina langa pamwamba pa iliyonse. Ndipo poti ndabweretsa ngati mulu umodzi, ulowa ngati mulu umodzi, onse akakonzeka.

Ndinagwira ntchito ngati bulu wa pangolo. Kulemba fankishoni n'kosavuta, kuitsimikiza ndiye ntchito. Asiyatu sankafuna mayeso a chitsanzo chimodzi. Ankafuna malamulo: ukatembenuza kaphukusi kawiri kabwerere mmene kanalili, ukadutsitsa m'chigayo chosasintha kanthu pasasinthe kanthu. Ndikamubweretsera, ankawerenga n'kundibwezera ndi funso limodzi lokha, koma funso loti ndikagwire masiku angapo. Sankandinyoza. Tsiku lina anakhala nane masana onse kundionetsa mmene kompyuta ingapekere yokha zitsanzo zambirimbiri zoyesera fankishoni, ndipo anasangalala ngati mwana nditazimvetsa. Zimenezi zinkandipweteka kwambiri, chifukwa munthu wokuzunza mokoma mtima sungamudandaule kwa aliyense.

Kenako mitambo inayamba kusonkhana cha kumapiri a kumalire. Oyendetsa njinga zamoto anayamba kufunsa za mafulashi. Ine ndinali nditamaliza mafankishoni asanu ndi imodzi, ndipo ya maphukusi a m'kati mwa maphukusi inali itandikola ngati ulimbo. Amayi anu anandiona ndikungoseweretsa nsima m'mbale, n'kufunsa chimene chavuta. Nditawafotokozera anati, “Ndiye ana a eni ake asabayidwe katemera chifukwa inu simufuna kuoneka kuti mwagonja kwa mwana wa Che Twaibu, eti?” Ndinati nkhani za makompyuta n'zovuta kuzimvetsa. Anati azimvetsa bwinobwino.

Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanauzepo wogula chimene ndikufunadi. Kuchita zimenezi kuli ngati kuvula malaya pakati pa msika. Koma nkhope ya mayi Nabanda inkandibwerera, ndi mlangizi uja wokwera phiri kukapeza nyumba yotseka. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi, sindikudziwa chifukwa chake, n'kukagogoda.

“Abwana, tiyeni tiugawe mulu uja.”

“Tiugawe bwanji, amalume? Munati ndikachotsapo imodzi ndakuphani.”

“Ndafa kale. Imene ndikuifuna ndi imodzi, yachitatuyo. Ilowe lero, ipite ndi njinga.”

Anatembenuza laputopu yake kuti ndione. OnseAwiri anali atamupatula kale payekha, mayeso anga ali pomwepo, ndipo malo onse a m'pulogalamu amene tinkamasula kaphukusi pamanja anali atawasintha kuti azidzera mwa iye. Chinatsala n'kudina batani limodzi. Anandisunthira laputopuyo kuti ndidine ndine.

“Mukanapanda kubwera, ndikanadina ndekha mawa,” anatero. “Ana aja sindikanawasiya. Koma ndimafuna mubwere.”

Ndinadina. Kenako, poti chizolowezi sichitha, ndinati ndiye asanu ndi atatu otsalawo tingowataya. Anandiyang'ana ndi maso a bambo ake enieni.

“Katundu wogulidwa sabwezedwa, amalume. Zinalembedwa pakhoma m'sitolo muja, munkaziwerenga tsiku lililonse. Mumalize mvula ikamagwa.”

Mafulashi anapita. Mvula inayamba sabata yomweyo.

Ku boma, 2018 mpaka 2022

Ndinawamaliza onse dzinja limenelo, ndipo analowa m'nkhokwe dzina langa lili pamwamba. Apa m'pamene ndinadziwira kuti chinthu chikalowa m'laibulale, anthu amachigwiritsa ntchito, ngakhale chimene unachilemba mongoseka. Mnzathu wina anakonda fankishoni yotembenuza ija n'kuiika paliponse, mpaka lipoti lina linatuluka likusonyeza makanda olemera ngati matumba a chimanga ndi amayi opepuka ngati nkhuku. Foni inalira kwa ine. Chinenero chathu chikasintha pang'ono, mafankishoni anga ankafuna kukonzedwa, ndipo foni inkalira kwa ine. Pofuna kudziteteza ndinayamba kuwerenga laibulale yonse kuti ndidziwe amene akubwereka katundu wanga, ndipo mosazindikira ndinafika poidziwa ngati mmene ndimadziwira mipata ya msika wa Lisungwi.

Asiyatu atapita kutchuthi chokabereka, anasiya nkhokwe m'manja mwanga. Sanapemphe maganizo anga, anangoti palibe wina amene waiwerenga yonse. Ndinakhala pampando wake. Munthu woyamba kubwera ndi fankishoni yatsopano ndinamuwiritsira tiyi, ndipo ndinadzimva ndekha ndikufunsa kuti, “Akuifuna ndani?” Ndinatuluka panja kukaseka.

Panali chinthu chimodzi chimene sindinachiyembekezere. Mayi Nabanda anandiimbira foni tsiku lina kuti mayi wina wa mapasa wasamukira ku Lisungwi, ndipo ana onse awiri afika naye m'makina, palibe wotsala. Mnzathu amene ankakonza gawo la obadwa awiriawiri anapeza fankishoni ya mapasa ili chikhalire m'nkhokwe, yoyesedwa kale, n'kungoitenga. “A Jailosi, munaganiza patali,” anatero mayi Nabanda. Ndinavomera kuti ndinaganizadi patali. Munthu akakupatsa basela sufunsa kuti walakwitsa kapena ayi.

Lisungwi, 2023

Nditatsala pang'ono kupuma, panabuka funso la amene adzalandire mafoni anga. Palibe anafuna. Ndinapita kwa Asiyatu kukapempha kuti tichotse mafankishoni osafunikawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo ndinanenerera chobwerera m'mbuyo, ndikuchonderera wogula kuti andibwezere katundu wanga. Iye ankakana kutsitsa. Pa iliyonse ankafuna umboni woti palibe pulogalamu imene ikuidalira, ndipo pamene inalipo ndikonze kaye. Zinanditengera miyezi yanga yonse yomaliza. Anatsala awiri: onseAwiri ndi ya mapasa.

Tsiku lotsanzikana anabwera kunyumba kuno ndi bambo ake. Che Twaibu anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo, koma maso ali omwe aja. Titakhala pakhonde ndinafunsa Asiyatu funso limene ndinalisunga zaka zonsezi: anadziwa liti kuti ndinkafuna imodzi yokha?

“Ndisanamalize kuwerenga,” anatero. “Ababa ankati a Jailosi akalowa m'sitolo n'kufunsa mtengo wa pampu, wa belu, wa tayala, wa unyolo ndi wa chishalo, ukatenge tayala. Nthawi zonse chimakhala chachitatu.”

Che Twaibu anagwedeza mutu ali chitsinzinire. “Ndipo tayala lija linali litakhalitsa pashelefu,” anatero. “Ndinkafuna lichoke.”

Ndinafunsa Asiyatu chimene chikanachitika ndikanabwera ndi onseAwiri yekha tsiku loyamba lija.

“Akanalowa tsiku lomwelo tisanadye nkhomaliro. Anali wabwino, amalume. Pa zonse zimene anthu anandibweretsera, sindinaonepo mizere iwiri yogwira ntchito yaikulu chotero.”

“Nanga enawo munawatengeranji?”

“Ndinkasowa munthu wachiwiri wodziwa nkhokwe yonse. Ndikanakupemphani mukanayamba kunenerera, mpaka lero tikanakhala tisanagwirizane. Ndiye munabwera nokha ndi mtengo wanu, ine n'kungovomera.”

Amayi anu anaseka mpaka anakalowa m'nyumba.

Lero ndimakhala pano, ndimaweta mbuzi zanga, ndipo pamsika anyamata ogulitsa akandiona amabisa katundu wabwino. Asiyatu akusungabe nkhokwe ija, ndipo ndimamva kuti dzanja lake silinafewe. M'boma lathu mayi akasamuka, mwana wake amasamuka naye m'makina, ndipo pamwamba pa mizere iwiri imene imachita zimenezi pali dzina la bambo anu, la Asiyatu palibe. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi, ndinapatsidwa zisanu ndi zinayi popanda wotsitsa ngakhale pang'ono, ndipo chimodzi mwa zodzazitsira chinakapulumutsa mapasa. Iye anapeza wosunga nkhokwe amene sanamupemphe n'komwe, anandivulitsa malaya pakati pa msika, ndipo anandigwiritsa ntchito mpaka tsiku lomaliza ine ndikumuthokoza, ngati mwini butchala uja ndi mbuzi yopanda mano. Amayi anu ali ndi yankho lawo, ndawaletsa kukuuzani. Inuyo mwawerenga zonse: pa malonda amenewa, anapambana ndani?